Chimanga chonsecho, koma shuga wobisika

Mlongo wina wandilembera pa imelo. Akupita kukaphunzira ku America, ndipo akuopa matenda a shuga poti mayi ake akuvutika nawo. Akufunsa kuti azikadya chiyani. Achemwali, funso lanu landikhudza, chifukwa matenda omwewo ndi amene anatenga bambo anga.

Ndinakhalako ku Iowa, dera lina la ku America, miyezi inayi. Tikuchokera ku bwalo la ndege, m'mbali mwa msewu munali chimanga chokhachokha, minda yosaoneka polekezera. Mumtima ndinati pano nsima siisowa. Kenako ndinamva kuti chambiri chimapita ku ziweto ndi kopangira mafuta a galimoto, china n'kusanduka manyuchi amene amathira m'zakumwa, m'buledi wina, ngakhale mu tomato sosi. Shuga wa kumeneko saoneka ngati uja timatapa ndi supuni pothira mu tiyi. Chitini chimodzi cha Coca-Cola cha mamililita 355 chili ndi magalamu 39 a shuga, pafupifupi masupuni a tiyi 10. Ndiye m'malo ambiri odyera, kapu ikatha umakathiranso ulere.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri n'kudyera m'galimoto. Munthu amagula chakudya pawindo osatsika, n'kumatafuna dzanja lina lili pa chiwongolero, yekhayekha. Palibe wokupatsa madzi osamba m'manja, palibe wonena kuti "tiyeni tidye". Ndinene mosapita m'mbali: kudya kotereku kungathe kudwalitsa, chifukwa wodya mothamanga sazindikira kuti wakhuta. Bungwe lawo la zaumoyo la CDC limati pa akuluakulu 10 aliwonse, 4 ndi onenepa mopitirira muyeso.

Sindikuwanyoza ayi. Mayi amene ankandisunga ankagwira ntchito ziwiri. Munthu wofika usiku atatheratu, angasadzule masamba nthawi yanji? M'madera ena osauka sitolo yogulitsa masamba ili kutali, pomwe malo a chipisi ali pakhomo penipeni. Boma linayesetsa: mu 2011 Michelle Obama, mkazi wa pulezidenti wa nthawiyo, anakhazikitsa chithunzi cha MyPlate, chosonyeza kuti theka la mbale lizikhala masamba ndi zipatso. Ifenso tisadzitame. Ku Lilongwe ana athu ayamba kunyansidwa ndi nkhwani ndi bonongwe, akufuna chipisi ndi fanta, ndipo phiri la nsima yoyera ndi kandiwo kochepa nalonso silithandiza wodwala shuga. Bambo anga sanapondeko ku America.

Ndiye muzikadya chiyani?

Muziphika nokha. Nyemba, mazira, mbatata ndi kabichi n'zotchipa ndithu. Masamba otchedwa collard greens amakoma ngati repu. Ufa wa cornmeal umaphikika nsima, koma muzichepetsa mitanda. Muzimwa madzi. Ku malo odyera mbale zimakhala zazikulu, choncho muzipempha kabokosi, theka mukadye mawa. Ndipo mukapeze mnzanu wodya naye pa tebulo, ngakhale Lamlungu lokha.