Funsani Azakhali: Kodi anatinyoza pa malo a ma taco paja?

Azakhali, ine ndili ku South Bend, Indiana kuno ku America chaka chachitatu tsopano. Mwezi watha amayi anabwera kudzaona chidzukulu ndiye ndinati ndiwatulutseko akalawe zina. Anzanga aku ntchito amangotama kamalo kena ka anthu aku Mexico kogulitsa ma taco, timikate topyapyala ta chimanga topindira nyama m'kati, basi tinapita. Koma zomwe tinaona kumeneko eee. Palibe anatilonjera, tinakhala pa tebulo mwina mphindi 15 kudikira weta mpaka kamtsikana kena kanabwera kudzatiuza kuti tikaode pa kauntala. Ndangolipira akunditembenuzira ka sikirini kuti ndiikepo tipi, kandalama kothokozera, chonsecho chakudya sindinachione nkomwe, kenako anangokuwa nambala ngati kuchipatala. Foloko panalibe, madzi osamba m'manja osatipatsa. Chondiwawa kwambiri ndi ichi, amayi ndi a Seventh Day nkhumba sadya, ine ndinawasankhira yolembedwa al pastor poganiza kuti za abusa sizingalakwike, ndinamufunsanso mnyamata wapa kauntala kuti ndi nyama yanji iye anangoti pastor pastor maso ali kwa munthu wakumbuyo kwanga. Dzulo mnzanga wandiuza kuti ndi nkhumba. Amayi sindinawauze. Kodi anatipeputsa poona kuti ndife alendo? Ndikufuna ndiwalembe zoipa pa Google.
Mwana wanu, South Bend

Mwana wanga, ndayamba ndaseka pa nkhani ya abusayo, undikhululukire, kenako ndiye ndawamvera chisoni amayi. Koma foni iike kaye pansi tikambirane.

Ndikufunse, ukapita pa chiwaya ku Ndirande kapena pa kanyenya ku Mchesi alipo amakukokera mpando? Umafika, umaloza, amakuthirira tchipisi, tsabola ndi kabichi umadziikira wekha ndipo sunanenepo kuti akunyoza. Taquería, malo a ma taco amenewa, ndi chiwaya cha anthu aku Mexico basi. Ku Mexico City ambiri amadya ataima m'mbali mwa msewu, mbale yake ya pulasitiki atayiveka jumbo kuti asavutike kutsuka, ndipo malo ambiri umadya kaye kenako nkumuuza wekha mwini wake kuti ndadya angati, iye nkukhulupirira. Atapita nazo ku America anangowonjezera denga, matebulo ndi makina olipirira koma mtima wake ndi womwewo, wachangu. Iwe unalowa ndi maso a ku hotela ndiye chilichonse chinaoneka ngati chipongwe. Za nambala ija amakuwira aliyense, mzungu yemwe. Foloko sanaiwale ayi, taco amadya ndi manja ngati ife ndi nsima, umaipinda ndi zala zitatu nkupendeketsa mutu, osati taco. Komatu apa ndikuvomereze, anthu odya ndi manja osapereka madzi ine zimandinyansabe, beseni ndi jagi zathu zija nzabwino, kumeneko umakasamba wekha ku sinki.

Tipi ija usadzimve kuti akubera. Ku America weta wokutumikira pa tebulo lamulo la dziko lonse limalola kumulipira $2.13 pa ola, ndalama yomwe sinasinthe chiyambire 1991, ndipo Indiana imatsatira zomwezo, nchifukwa chake ukakhala pansi nkutumikiridwa kusiya 15 kapena 20 peresenti ndi ngati ngongole ndithu. Koma pa kauntala pomwe waoda wekha nkukatenga wekha ndi kufuna kwako. Ka sikirini kamafunsa aliyense chifukwa anakatchera choncho, pali batani lokana ndipo palibe angakuthamangitse. Ine ndikaona kuti tortilla, kamkate kopindira nyama kaja, yabwera yotentha ndipo munthu wandiyankha bwino ndimasiyako dola imodzi kapena ziwiri. Ndipo ukaona bilu yakwera kuposa mtengo wapa menyu ndi msonkho, ku Indiana ndi 7 peresenti, saulemberatu pa mtengo ngati kwathu.

Tsopano ya nkhumbayi, apa ndiye pali mlandu weniweni. Pastor m'Chisipanishi ndi m'busa inde, koma apa akunena m'busa wa nkhosa. Anthu ochokera ku Lebanon omwe anasamukira ku Mexico, makamaka mzinda wa Puebla, anapita ndi kawotchedwe kawo ka shawarma, nyama ya nkhosa yosanjikiza pa chitsulo choimirira chozungulira pafupi ndi moto. Eni dziko anatengera chitsulocho, amachitcha trompo, koma nkhosa anaichotsapo nkuikapo nkhumba, nkuinyika mu tsabola wouma ndi njere za achiote zomwe zimaifiiritsa, pamwamba nkubayapo nanazi. Dzina la m'busa linatsala, nkhosa inapita. Ndiye poti imakhala yofiira komanso yodulidwa mopyapyala munthu sungaizindikire ndi maso, sindikukuda. Koma mnyamata uja analakwa. Munthu akafunsa kuti ndi nyama yanji amafunika kuyankhidwa, ena amafunsa chifukwa cha chipembedzo ena chifukwa cha matenda, mzere utalike bwanji. Mwina Chingerezi chimamuvuta, mwina anatopa, zonsezo sizichotsa kulakwako.

Ine ndikanakhala iwe Google ndikanaisiya kaye. Malo ambiri otere ndi a banja, amayi kukhitchini mwana pa kauntala, ndipo nyenyezi imodzi imawapweteka kuposa momwe ingapwetekere kampani yayikulu. Pita masana cha m'ma 3 koloko anthu atachepa, funsa mwini wake, umuuze zomwe zinachitika mosakweza mawu. Pamenepo mpomwe udziwe ngati ndi malo abwino. Akapepesa nkumulangiza mnyamatayo, bwerera ukadyenso. Akakuyankha mwamwano ndiye lemba, koma ulembe za nkhumbazo zokha, za foloko usatchule angakuseke anthu.

Ulendo wina usunge mayina awa mu foni. Al pastor, carnitas, chorizo, chicharrón ndi buche zonsezi ndi nkhumba. Carne asada ndi ng'ombe yowotcha, pollo ndi nkhuku, lengua ndi lilime la ng'ombe, tripa ndi matumbo a ng'ombe ndipo akawakazinga mpaka kuuma iwe wokulira pa chiwaya ungalire ndi chimwemwe. Birria kwawo ku Jalisco inali ya mbuzi koma ku America ambiri akuphika ya ng'ombe. Pobisalira pena ndi mu nyemba zokanya zija, ambiri amakazingira mafuta a nkhumba otchedwa manteca, ngakhalenso tortilla ya ufa wa tirigu ena amaikamo, ndiye funsa kuti tiene manteca? (muli manteca?) kapena ungoti sin puerco (popanda nkhumba). Akakufunsa kuti con todo akunena anyezi ndi masamba a coriander, si kuti akuthirira zonse za m'khitchini. Salsa, msuzi wawo wa tsabola uja, yamba wadontheza pang'ono, yobiriwira nthawi zina imaluma kuposa yofiira, usadalire kuti unakulira kambuzi. Amayi ukawagulire agua de jamaica, akangolawa adzakuuza okha kuti ichi nchidede.

Zowauza kapena ayi, amayi ako umawadziwa ndiwe. Ine ndikanawauza, anadya mosadziwa, ndipo nkhani zotere zikamvekera kwa mpongozi zimawawa kuposa.

*

Azakhali, ndinaonera pa YouTube akupanga tortilla ndiye ndinayesa ndi ufa woyera, kenako mgaiwa, zonse zikungosweka pa chiwaya. Chonsecho akuti ndi chimanga chomwechi. Ndikulakwitsa pati?
Mayi wa ana atatu, Area 25

Achemwali simukulakwitsa, ufa wathu sungagwirane choncho ngakhale mutaukanda mpaka mawa. Chimanga nchomwechi ndithu, ndipotu kwawo ndi komweko, anthu a kummwera kwa Mexico anayamba kuchilima zaka pafupifupi 9,000 zapitazo ife chinatipeza mochedwa kudzera mwa Apwitikizi. Koma chinabwera chokha, luso lake linatsala. Iwo amawiritsa chimanga chosakonola m'madzi othira laimu pang'ono, amati cal, ena amagwiritsa phulusa, nkuchisiya chigone m'madzi omwewo usiku wonse, m'mawa nkuchitsuka gaga nkumachoka yekha, kenako amachipera chili chonyowa. Phala lolimbalo amati masa ndipo limamata lokha, ndi lomwe amalipsinja nkuliwamba pa chiwaya chouma chopanda mafuta. Nzeru yake siili patali ndi chidulo chomwe agogo ankatcheza cha thelere.

Kawiritsidwe kameneka kamamasulanso vitamini wina wotchedwa niacin yemwe mu chimanga chathu amakhala womangika thupi osamupeza, nchifukwa chake matenda a pellagra, aja osupula khungu ndi kutsegula m'mimba, sankawavuta kwenikweni ku Mexico pomwe kuno anagwira anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique m'misasa mu 1990.

Mukafuna kuyesa, laimu wake ndi wodyedwa osati wopaka nyumba chonde, sipuni imodzi yayikulu pa kilogalamu ya chimanga, ndipo mutsuke kangapo. Vuto likhala popera chifukwa kuchigayo sangakulandireni chimanga chonyowa chotero, ndiye ndi mtondo kapena kamakina kopera nyama, mubwereze kawiri katatu. Muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku UK muuzeni akusakireni ufa wolembedwa masa harina, umenewo mumangothira madzi ofunda ndi kamchere. Mukapanga munditumizire chithunzi, zoyamba ziwiri zitatu zimatuluka ngati mapu a Malawi musataye mtima.