Za ERIC ndi kwina kopeza mapepala a kafukufuku

Achemwali, mwafunsa ngati ERIC yatsekedwa, poti supavaiza akufuna chaputala chachiwiri mwezi uno. Mtima m'malo, sinatsekedwe. ERIC ndi nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a kafukufuku wa zamaphunziro, ndi ya boma la America, imayendetsedwa ndi Institute of Education Sciences, ndipo idayamba m'zaka za m'ma 1960. Mu 2025 boma la Trump litadula ndalama, adalengeza kuti achepetsa majenolo (magazini a kafukufuku) omwe amalowetsamo ndi 45 peresenti. Zomwe zidalowa kale zikadalimo. Zatsopano za m'majenolo ochotsedwawo ndiye simuzipezamo.

Koma ndinene mosapsatira, pa nkhani za sukulu zathu zino ERIC sinkatithandiza kwenikweni n'kale lomwe. Ine polemba za atsikana osiyira sukulu panjira, kuchokera pomwe pulayimale idakhala yaulere mu 1994, ndikalemba "Malawi" mu ERIC zinkatuluka zowerengeka, zambiri zolembedwa ndi alendo odzangocheza. Nyama yeniyeni ndidaipeza pakhomo pompano. Malipoti a CERT, likulu la kafukufuku wa zamaphunziro ku Chanco. Ziwerengero ku NSO, ofesi ya boma yoona za ziwerengero. Tsiku lina ndidakwera minibasi mpaka ku Domasi, ku MIE (Malawi Institute of Education), n'kukhala tsiku lonse ndikujambula ndi foni masamba a malipoti achikasu ndi ukalamba, zala zili fumbi lokhalokha. Supavaiza adayamikira chigawo chimenecho kuposa zonse. Ngati mutu wanu ukukhudza mbiri, National Archives ili konkuno ku Zomba, musaidutse.

Pa intaneti yambani ndi AJOL (African Journals Online), muli majenolo a mu Africa muno, kenako African Education Research Database. DOAJ ndi CORE, nkhokwe zinanso za mapepala a kafukufuku, nzaulere. Pa Google Scholar dinani "All versions", nthawi zambiri PDF imabisala mmenemo.

Chomwe ambiri sadziwa ndi Research4Life, pulogalamu yothandiza maiko osauka kuwerenga majenolo olipiritsa. Malawi ili m'gulu la maiko owerenga osalipira, koma mumalowa kudzera ku sukulu yanu. Pitani ku laibulale mukafunse, mufunsenso zomwe amalandira kudzera ku MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi muno. Zina zimatseguka pokhapokha muli pa wifi ya pasukulupo, ndiye musathe bandulo kunyumba mukulimbana nazo.

Pepala likakana zonsezi, lemberani mwini wake imelo yaifupi, yaulemu. Ine ambiri adanditumizira. Ndipo zomwe AI yakupatsani, fufuzani kaye ngati zilikodi musanaziike m'chaputala, imapeka mayina a mapepala osachita nazo manyazi.