Kwa achemwali a juwisi wa malambe ndi sopo: fleva ndi pafyumu musaziphatikize

Achemwali, mwati mumapanga juwisi wa malambe, mafirizesi, sopo wamadzi ndi mafuta odzola kuno ku Mangochi, ndipo timabotolo ta fungo la ndimu ndi la sitiroberi timene mumagula totsanulidwa kale, topanda lebulo, mumathira ponseponse. Mukufunsa ngati malamulo amalola, popeza wa shopu wina wakana katundu wanu chifukwa alibe chizindikiro cha MBS (Malawi Bureau of Standards), bungwe loona za miyezo ya katundu.

Za chizindikirocho tifikako, koma choyamba lekani lero lomwe kuthira botolo limodzi m'zakumwa ndi m'sopo. M'mphuno zimamveka chimodzimodzi, koma m'kati mwake ndi zosiyana. Fleva ya chakudya imasungunulidwa m'zinthu zoti munthu akhoza kumeza, monga propylene glycol, ethanol woyeretsedwa, triacetin kapena mafuta odyedwa. Pafyumu wa sopo kawirikawiri amasungunulidwa mu dipropylene glycol kapena diethyl phthalate, ndipo m'menemo mumakhala mankhwala ena ambirimbiri omwe anawaunika kuti akhale pa khungu, osati m'mimba. Chitsanzo chabwino ndi coumarin. Amanunkhira motsekemera ngati vanila ndipo ali m'mapafyumu ochuluka kwambiri mololedwa, koma dziko la America linaletsa kumuthira m'zakudya mu 1954 chifukwa cha zomwe amachita ku chiwindi, ndipo ku Ulaya lamulo la mafleva la 2008, nambala 1334, nalonso limakana kumuthira m'chakudya. Ndiye kabotolo kopanda dzina konunkhira vanila mungadziwe bwanji kuti ndi ka mbali iti? Firizesi amamwa ndi mwana wa sitandade 2 pa bureki, thupi lake ndi laling'ono, ndipo amagula tsiku ndi tsiku.

Kuthira fleva m'sopo sikuvulaza munthu kwenikweni, kungoti ndi kutaya ndalama. Fungo limathawa msanga, sopo wamadzi amachita mbuu, ndipo chilichonse chokhala ndi vanillin, mankhwala a fungo la vanila, chimadetsa sopo wamtanda mpaka kufika bulauni pakatha masabata ochepa.

Kuno kwathu woyang'anira wamkulu ndi Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo pano likuyendera lamulo la 2012. Pa zakudya, miyezo iwiri imene simungaizembe ndi MS 21, ya ukhondo wa malo opangira chakudya, ndi MS 19, ya zolemba pa lebulo. Miyezo yathu ya zakudya imatsamira kwambiri pa Codex Alimentarius, ndondomeko ya FAO ndi WHO yomwe inayamba mu 1963. Malinga ndi Codex, zonse zomwe mwathira zilembedwe motsatana kuyambira cholemera kwambiri mpaka chochepetsetsa. Fleva mukhoza kungoilemba ndi dzina la gulu lake osatchula mankhwala onse ali m'kati, koma kalala ndi mankhwala oteteza kuti chakumwa chisasase azilembedwa paokha, ndi dzina kapena nambala yake. Ambiri amakodwa apa chifukwa mabotolo ena amabwera fleva ndi kalala zitasakanizidwa kale, iwo n'kumalemba fleva yokha.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi pa dzina ndi chithunzi. Ngati m'firizesi muli madzi, shuga, kalala ndi fleva basi, musalembe kuti ndi juwisi wa sitiroberi, ndipo musamate chithunzi cha chipatso ngati kuti mwafinyiramo. Lembani kuti ndi chakumwa cha fungo la sitiroberi. Kunamiza wogula kumaletsedwa ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo a Competition and Fair Trading Commission amalandira madandaulo otere. Juwisi wanu wa malambe ndi wa chipatso chenicheni, ndipo kunena zoona safuna fleva ayi. Kuwawasa kwa malambe ndi komwe anthu amafuna, ndiye kuthiramo sitiroberi ndi kuwononga chinthu chabwino ndi ndalama zanu zomwe.

Pa mafuta odzola samalani ndi mawu. Mukangolemba kuti amachiza zipere, mphere kapena ziphuphu, mwalowa m'munda wa mankhwala, ndipo kumeneko ndi kwa Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019. Lembani kuti amafewetsa khungu, mulekere pomwepo.

Tsono nkhani yaikulu ndi mapepala, chifukwa woyendera akadzafika funso lake loyamba lidzakhala lakuti ichi munachigula kuti ndipo ndi chiyani. Kabotolo kotsanulidwa ku msika kalibe yankho. Fleva igulidwe m'botolo lake lomata, lokhala ndi dzina ndi adiresi ya wopanga, nambala ya bachi, tsiku lothera ntchito, mawu osonyeza kuti ndi yothira m'chakudya, ndi mlingo wake. Mukamagula yambiri, monga lita kapena malita 5, itanitsani certificate of analysis, pepala la zotsatira za ku labotale, ya bachi imeneyo. Pa pafyumu itanitsani zitatu: satifiketi ya IFRA (bungwe loika malire a zonunkhiritsa), pepala la chitetezo lotchedwa SDS, ndi mndandanda wa mankhwala oyabwitsa omwe ali m'menemo. Wogulitsa weniweni ku Blantyre kapena ku Lilongwe amatumiza pa WhatsApp tsiku lomwelo. Amene akuyankha kuti "aliyense amagula yomweyi" musiyeni. Ngati mukugawana chigubu chimodzi ndi anzanu a m'gulu, palibe vuto, bola aliyense ajambule lebulo ya chigubucho, asunge kope ya mapepala, ndipo alembe dzina ndi bachi pa botolo lake.

IFRA si boma. Ndi bungwe la makampani opanga zonunkhiritsa lomwe linayamba mu 1973, ndipo miyezo yake inakonzedwanso kachi 51 mu 2023. Koma satifiketi yake ndi yomwe ingakuuzeni malire a pafyumu amene muli nayeyo. Katundu anamugawa m'magulu 12. Mafuta odzola thupi ali mu 5A, a makanda mu 5D, sopo wosambira mu 9, sopo wotsukira mbale mu 10A, zopaka pa milomo mu 1. Pafyumu mmodzi yemweyo akhoza kuloledwa wambiri mu gulu 9 koma wochepa kwambiri mu 5A, chifukwa sopo amatsukuluzika pomwe mafuta amagona pa khungu tsiku lonse. Werengani mzere wa gulu lanu, ndipo nambala imeneyo ndi denga, si mlingo woti muufikire.

Poyeza, gwiritsani sikelo ya magalamu ndi sirinji yatsopano ya ku famase, osati chitsekerero cha botolo. Sopo wamadzi wa malita 20 amakwana ndi 0.5 peresenti, omwe ndi magalamu pafupifupi 100. Mafuta odzola a kilogalamu imodzi, magalamu 5 ndi 0.5 peresenti, ndipo kupitirira 1 peresenti palibe chomwe mupindule koma madandaulo a zidzolo. Thirani pafyumu pomalizira, zinthu zitazizira mpaka kufunda chabe, apo ayi fungo limauluka ndi nthunzi inu n'kumawonjezera. Mu sopo wamadzi thirani pafyumu musanamalize kulimbitsa ndi mchere, chifukwa mapafyumu ena amasungunula sopo kukhala madzimadzi, ena amamulimbitsa, ndiye mchere uzibwera pang'onopang'ono pambuyo. Fleva yamphamvu nthawi zambiri imayambira pa 1 ml pa lita, koma esensi ya m'golosale ndi yosukuluka kuposa pamenepo, choncho tsatirani lebulo ndipo yesani pa lita imodzi musanathire m'ndowa yonse. Yochuluka imawawa ndi kusiya kakomedwe ka mankhwala kukhosi. Sirinji ya fleva ndi ya pafyumu zikhale ziwiri, zolembedwa, zosungidwa malo osiyana. Ndipo pafyumu musamusungunule ndi sipiriti wa pepo uja, chifukwa akhoza kukhala ndi methanol, yemwe ndi poizoni.

Malamulo a ku Ulaya sakugwirani mwachindunji, koma ndi bwino kuwadziwa, makamaka mukafuna kugulitsa m'maloji a ku Cape Maclear ndi Monkey Bay komwe alendo amawerenga lebulo. Lamulo lawo la zodzola la 2009, nambala 1223, limati mankhwala oyabwitsa atchulidwe pa lebulo akapitirira 0.001 peresenti mu zokhalitsa pa khungu, kapena 0.01 peresenti mu zotsukuluza. Anali 26, ndipo mu 2023 anawonjezeredwa kufika pafupifupi 80. Onani mmene malirewo alili otsika: pafyumu wokhala ndi 10 peresenti ya limonene, mmodzi mwa oyabwitsawo, mukathira 0.5 peresenti m'mafuta, limonene wafika 0.05 peresenti, kuposa malire aja ka 50. Kumutchula sikutanthauza kuti ndi woletsedwa, ndi kuchenjeza munthu amene khungu lake silimuyanja. Oletsedweratu kumeneko ndi ena, monga butylphenyl methylpropional, wodziwika kuti Lilial, kuyambira March 2022 chifukwa choopseza ubereki, ndi Lyral kuyambira 2021 chifukwa choyabwitsa. Mukaona mayina amenewa pa mapepala a pafyumu wotchipa, musagule.

Musanyengeke ndi mawu akuti zachilengedwe. Mafuta a lemongrass adzaza citral, a cloves eugenol, a sinamoni cinnamal, onsewa ali pa mndandanda wa oyabwitsa. Mafuta ofinyidwa ku makoko a bergamot ndi lime, zipatso za mtundu wa ndimu, amawotcha khungu likakumana ndi dzuwa, n'kusiya matuza ndi mabanga akuda, n'chifukwa chake IFRA imaika bergamot pa 0.4 peresenti mu zodzola. Ndi dzuwa la Okutobala la kuno, mayi wodzola zimenezo n'kupita kukadikira usipa ku doko akhoza kupsa m'khosi ndi m'mikono.

Kutentha kwa Mangochi kumawononganso botolo lomwe linali labwino. Limonene ndi linalool, zomwe zimapezeka m'mapafyumu ambiri, zikakhala pa mpweya ndi pa kutentha zimasintha n'kukhala zoyabwitsa kwambiri kuposa poyamba. Sungani mabotolo otseka bwino, mumdima, pansi pozizira, osati pa windo kapena pafupi ndi denga la malata. Gulani zokwana miyezi ingapo basi. La ndimu likayamba kununkha ngati penti kapena kunanda kukamwa kwa botolo, litayeni.

Kumbukiraninso kuti makasitomala ambiri kuno ndi Asilamu. Esensi yambiri ya vanila imakhala ndi ethanol, choncho funsani ya propylene glycol kapena yokhala ndi chiphaso cha halaal, ndipo pepalalo lisungidwe limodzi ndi enawo.

Musanaitane a MBS, konzani kwanu. Malo a zakumwa asiyane ndi a sopo, ziwiya zisiyanenso. A zaumoyo a ku khonsolo ayendere malowo, ndipo ogwira chakudya akayezetse ku chipatala. Gulani kope ya chikuto cholimba, bachi iliyonse muzilemba tsiku, kuchuluka kwake, dzina ndi bachi ya fleva kapena pafyumu, ndi magalamu omwe mwathira, kenako muzisungako botolo limodzi mpaka tsiku lothera ntchito litadutsa, kuti wina akadandaula muthe kubwerera m'mbuyo. Mukatero lemberani a MBS ku Blantyre, muwauze katundu aliyense payekha ndipo mufunse muyezo wake. Adzabwera kudzaona malo, adzatenga zitsanzo kukayeza ku labotale, ndipo chiphaso chimaperekedwa pa mtundu uliwonse wa katundu, osati pa bizinesi yonse. Popeza chilichonse chili ndi malipiro ake, yambani ndi juwisi wa malambe, ndipo lebulo muwaonetse kaye pa pepala musanapite nayo kosindikiza.