Alamu anuwo sakubera, koma ndili nawo mawu

Mwandilembera kuti mukamasewera Scrabble, masewera opanga mawu poyala zilembo pabolodi, alamu anu amaika mawu ngati QI ndi ZA, ndipo mukawafunsa tanthauzo amangoti ali m'dikishonale. Mukufunsa ngati kumeneku si kubera.

Funsoli landikhudza. Ine masewerawa anandiphunzitsa ndi amalume, mphunzitsi wa Chingerezi wopuma pantchito, ndipo lamulo lawo linali limodzi: ukaika liwu, ulifotokoze. Ukalephera, chotsa zilembo zako. Tinkakhala pakhonde mpaka mdima, dikishonale yothothoka chikuto ili pambali, nthawi yambiri n'kuthera pokambirana mawu. Ndi pakhondepo pamene ndinadziwira kuti AA ndi liwu la ku Hawaii, dzina la chiphalaphala chokhakhala chochokera m'phiri lophulika chikauma. Tsiku lina anaika TAMBALA, zilembo zonse 7, natenga mapointi 50 owonjezera. Ndinatsutsa kuti chimenecho n'Chichewa. Anatsegula buku, liwulo lilimo. KWACHA alimonso, ngakhale NGWEE wa ku Zambia. Mtima wanga unasangalala kuona ndalama yathu ikuwerengedwa m'masewera a dziko lonse.

Kunena zoona, malamulo a mpikisano safuna kuti munthu adziwe tanthauzo. Mu 2015 Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse lapansi wa Scrabble ya Chifalansa asakulankhula chinenerocho, anangoloweza mawu. Luso lake ndimalilemekeza. Koma ameneyo ndi katswiri wa mpikisano, ife tikusewera pakhomo ndi abale. Kuika liwu lomwe sukulidziwa n'kukana kuuza mnzako tanthauzo lake, kwa ine n'kuwononga masewera. Sindigonja pamenepa. Ana amene akuonerera amapita chimanjamanja, pomwe akanatola liwu latsopano.

Chaka chomwecho Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikho cha dziko lonse lapansi cha Scrabble ya Chingerezi, ku Perth m'dziko la Australia. Ndiye wina asakuuzeni kuti masewerawa ndi a azungu okha.

Mawu oti muyambe nawo

QI ndi mphamvu ya moyo m'chikhulupiriro cha ku China, ndipo amakupulumutsani Q wa mapointi 10 akakutsalirani popanda U. QAT ndi chitsamba chomwe masamba ake amatafuna ku Yemen ndi ku Somalia. ZA ndi chidule cha pizza. XU ndi kandalama ka ku Vietnam, JO ndi wokondedwa m'kalankhulidwe ka ku Scotland, CWM ndi chigwa cha m'mapiri, liwu la ku Wales. ZO ndi nyama ya ku Tibet yobadwa kwa ng'ombe ndi yak (nyama yonga ng'ombe yaubweya wautali), koma liwuli limaloledwa pa mndandanda wa mawu ovomerezeka wa Collins (wa ku Britain), pa wa ku America ayi. Choncho musanayale bolodi, gwirizanani ndi alamuwo kuti mutsata mndandanda uti, ndipo muwauze kuti aliyense woika liwu azilifotokoza.