Seva ya mafayilo isamukire pa Linux? Yankho kwa mwini ofesi

Wowerenga wina, mwini kampani yaing'ono yojambula mapulani a nyumba ku Lilongwe, wandilembera imelo. Akuti seva yomwe antchito ake amasungamo mafayilo ikuyendabe pa Windows Server 2012 R2, ndipo mtengo wa laisensi yatsopano wawaimitsa mutu. Akufunsa ngati angasamukire pa Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, popanda kusokoneza ntchito.

Bwana, n'zotheka, ndipo musachedwe. Microsoft idasiya kusamalira Windows Server 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023, kupatula kwa olipira mwapadera, choncho mipata yomwe akuba a pa intaneti akupeza sikutsekedwanso.

Chomwe mukufuna ndi Samba, pulogalamu yaulere yomwe Andrew Tridgell wa ku Australia adaitulutsa mu 1992. Imalankhula SMB, chinenero chomwe Windows imagawira mafoda. Mukaikonza bwino, mlembi wanu akatsegula kompyuta m'mawa adzaona drive yake ya Z: ili pompo, osadziwa n'komwe kuti kuseri kwasintha. Pansi pake ikani mtundu wa Linux wotchedwa Debian, kapena wina wotchedwa Ubuntu 24.04 LTS, yomwe izilandira zigamba za chitetezo mpaka 2029. Ngati kulemba malamulo pa sikirini yakuda kumakuopsani, OpenMediaVault ndi Debian yomweyo, koma mumaiyendetsa pa browser.

Kukopera mafayilo si nkhani, pulogalamu yokopera monga robocopy kapena rsync ikhoza kumaliza usiku umodzi. Pamene pagona nkhani ndi zilolezo. Seva yakale yasunga kwa zaka zambiri kuti foda ya malipiro amatsegula ndani, ya makontirakiti amalembamo ndani, ndipo zambiri mwa izo adaziika munthu yemwe adachoka kalekale. Musazikokere ku seva yatsopano mwachimbulimbuli. Khalani pansi ndi pepala, lembani magulu, monga a akaunti, ojambula ndi mabwana, kenako mupereke zilolezo ku gulu, osati kwa munthu mmodzimmodzi. Mukapanda kutero, Lolemba m'mawa mesenjala adzakhala akuwerenga malipiro a aliyense.

Pali misampha iwiri. Fotokope yakale yomwe imasikana n'kuponya fayilo pa seva mwina imangodziwa SMB1, mtundu wakale wa SMB, imene Samba idaitseka kuyambira mtundu wa 4.11 mu 2019 chifukwa ndi yosatetezeka. Yesani kaye sikana musanasamuke. Komanso mapulogalamu ena a akaunti amafuna kachidutswa kake kaziyenda pa seva ya Windows penipeni. Funsani amene adakugulitsani. Ngati zili choncho, amenewo atsale pa kompyuta ina ya Windows.

Ndalama zomwe mwapulumutsa pa laisensi musazidye zonse. Gulani UPS, batire loyendetsa kompyuta kwakanthawi magetsi akathima, ndipo ilumikizidwe ndi seva kuti magetsi akathima izizima yokha bwinobwino batire lisanathe. Madisiki awiri oyendera limodzi amakutetezani imodzi ikafa, koma fayilo yofufutidwa molakwitsa imachoka pa onse awiri, ndiye pakhale disiki ina yokoperapo mafayilo onse yomwe imagona kunja kwa ofesi.

Funso lomwe simudandifunse ndi lakuti adzaisamalira ndani. Ngati amene akukuikirani ndi mphwanu wa ku koleji, alembe zonse papepala, mapasiwedi muwasunge inuyo, ndipo mudziwiretu munthu wachiwiri wodziwa Linux m'tauni. Seva yakale muizimitse koma musaifufute mpaka malipiro a mwezi umodzi atadutsa bwino pa yatsopano.