Mafunso a Owerenga: Kodi sukulu ya udokotala imafuna kuumba munthu wotani?

Funso: Mwana wanga wamkazi wakhoza bwino mayeso a MSCE ndipo mtima wake uli pa udokotala. Ndamva kuti maphunzirowa amatenga zaka zisanu ndi chimodzi, komanso kuti ophunzira amatumizidwa kukakhala kumudzi. Ife ndife akumudzi komweko, nanga akakaphunzirako chiyani chimene sachidziwa? *Mayi wa ku Dedza*

Yankho: Zikomo mayi, ndipo mwanayo mumuyamikire. Zimene mwamvazo n'zoona. Wochokera ku Fomu 4 amayamba ndi chaka chimodzi cholimbitsa maziko a sayansi, kenako zaka zisanu za digiri ya udokotala yotchedwa MBBS, pa sukulu imene inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 ndi dzina loti College of Medicine, ndipo kuyambira mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Kuti mumvetse za kumudziko, tiyambe ndi chifukwa chimene sukuluyi inakhazikitsidwira. Isanatsegulidwe, Amalawi ankaphunzira udokotala kunja, ndipo ambiri sankabwerera. Obwererawo ankakhala atazolowera zipatala zokhala ndi makina ambiri komanso matenda a kumeneko, pamene kuno ankawadikira ndi malungo, chifuwa chachikulu, kunyentchera kwa ana ndi amayi ofika mochedwa pa nthawi yobereka. Malemu Pulofesa John Chiphangwi, katswiri wa za uchembere amene anali patsogolo pa ntchito yoyambitsa sukuluyi, pamodzi ndi anzake ankafuna dokotala wophunzirira pa odwala a kuno, woti akathe kugwira ntchito pachipatala cha boma chimene sikani kulibe ndipo labotale imayeza zochepa.

Zaka zoyambirira zimathera m'kalasi ndi mu labotale. Wophunzira amadziwa kapangidwe ka thupi, kagwiridwe ntchito ka ziwalo, tizilombo toyambitsa matenda ndiponso mmene mankhwala amayendera m'thupi. Mwanayo mumuuziretu kuti kapangidwe ka thupi amakaphunzira pa matupi a anthu omwalira, ndipo ntchito imeneyi imachitika mwaulemu waukulu.

Koma udokotala weniweni umaphunziridwa pambali pa bedi la wodwala, m'zipatala monga Gulupu ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Wophunzira amapatsidwa wodwala, n'kumufunsa mmene matenda anayambira, kumupima ndi maso, manja ndi makutu, kenako kufotokoza zonse pamaso pa dokotala wamkulu ndi anzake pa nthawi yoyendera odwala mu wodi. Akanena kuti ndi chibayo, amafunsidwa chimene wamva m'chifuwa, matenda ena amene angafanane nacho, ndi chimene angachite ngati mankhwala oyamba atapanda kuthandiza. Ine ndimaona kuti apa ndiye pagona mtima wa maphunziro onsewa, chifukwa woloweza mabuku angathe kukhoza mayeso olemba, koma wodwala sabwera ndi dzina la matenda ake. Amangoti mutu ukuwawa, thupi laphwanya, ndipo zotsalazo ndi za woganiza. N'chifukwa chake ngakhale mayeso ena amachitika wophunzira akupima munthu pamaso pa aphunzitsi, amene amayang'ananso ngati wapereka moni, wapempha chilolezo ndi kusunga ulemu wa wodwalayo. Motere amazungulira mbali ya ana, ya amayi oyembekezera, ya opaleshoni, ya matenda a akuluakulu ndi ya matenda a maganizo.

Tsopano za kumudzi. Sukuluyi ili ndi nthambi ku Mangochi yophunzitsira za umoyo wa anthu m'madera. Mwana wanu amaudziwadi mudzi, koma sanauyang'anepo ndi diso lofunsa kuti n'chifukwa chiyani ana a m'mbali mwa nyanja amakodza magazi, chifukwa chiyani kutsekula m'mimba kumabuka mvula ikayamba, kapena mtunda umene mayi wodwala amayenda kuti afike kuchipatala. Kumeneko amawerenga mabanja, amaona komwe anthu amatunga madzi, amacheza ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo. Dokotala wopereka mankhwala a likodzo osadziwa za dooko limene mwana wodwalayo amasambako adzamuonanso mwana yemweyo miyezi ingapo ikadutsa. Pamenepa ana okulira kumudzi ngati wanuyo amakhala ndi mwayi, popeza amadziwa kulankhula ndi agogo mowafika pamtima.

Akalandira digiri amakhala asanamalize. Amagwira ntchito miyezi 18 moyang'aniridwa ndi madokotala akuluakulu, ndipo akatero bungwe la Medical Council of Malawi limamulembetsa kuti aziona odwala payekha. Choncho pokonzekera, mayi, muwerengere zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka.