Tsiku limodzi m'chigawo chakale cha Prague

Mayi, mwafunsa kuti pa tsiku limodzi lokha lomwe muli nalo ku Prague, likulu la dziko la Czech Republic, muone chiyani m'chigawo chakale, chomwe eni ake amachitcha Staré Město. Langizo langa n'lakuti mulawirire ku mlatho wa Charles, chifukwa dzuwa likakwera alendo amadzaza moti kuima n'kuyang'ana bwino kumavuta. Mlathowu anayamba kuumanga mu 1357 mu ulamuliro wa mfumu Charles IV, ndi wautali mamita oposa 500, ndipo m'mbali mwake muli ziboliboli 30. Chotchuka kwambiri ndi cha Jan Nepomucký, wansembe amene anaponyedwa mumtsinje wa Vltava, womwe umadutsa pansi pa mlathowu, mu 1393.

Mukachoka pamenepo pitani pabwalo lalikulu, pomwe pali wotchi ya Orloj ya m'chaka cha 1410. Ola likakwana, ziboliboli za atumwi 12 zimadutsa pa timazenera tiwiri, chiboliboli cha mafupa choimira imfa chikuliza belu, koma zonsezi zimatha pasanathe mphindi imodzi, ndipo sindiona chifukwa chodikira nthawi yaitali m'chinamtindi cha anthu. Chofunika kwambiri chili pansi pafupi ndi wotchiyo: mitanda yoyera 27 pomwe anaphera atsogoleri a gulu loukira ufumu wa banja la Habsburg, lomwe linkalamulira dzikoli, mu 1621, atagonja pa nkhondo ya White Mountain. Pakati pa bwalo pali chipilala cha Jan Hus, mlaliki amene anawotchedwa ku Konstanz, mzinda wa ku Germany, mu 1415, ndipo m'tchalitchi cha Týn, chija cha nsanja ziwiri zosongoka, muli manda a katswiri wa nyenyezi Tycho Brahe.

Nthawi yambiri muisungire Josefov, dera la Ayuda. Sunagoge wa Staronová anamangidwa cha m'ma 1270 ndipo amapempheramo mpaka lero. Kumanda akale a Ayuda kuli miyala pafupifupi 12,000 yothithikana ndi yopendekeka, chifukwa malo anali ochepa ndipo chipembedzo chawo sichilola kufukula manda, choncho ankathira dothi pamwamba n'kuikanso maliro ena. Malowa amatseka Loweruka ndi pa masiku a zikondwerero za Ayuda, ndiye muonetsetse tsiku lanu.

Muvale nsapato zafulati, popeza misewu ndi ya miyala, ndipo mukumbukire kuti ndalama ya kumeneko ndi koruna, osati euro.